Mawu Amenewa ndi a Yani? Za Michael Jackson ndi Khutu la Isake

Lero ndilemba motalika, ndipo ndilemba za munthu amene simuyembekeza kuona dzina lake pa tsamba la mkulu wa mpingo. Inu amene mwayamba kale kukwinya nkhope, ndikupemphani mupirire kufikira kumapeto, mundiweruze mutamva mlandu wonse.

Loweruka lapitali tinali pa chinkhoswe cha mdzukulu wathu. Zakudya zitatha, achinyamata anaunjikana pansi pa mtengo wa mango, foni ili pakati pawo, ndipo mkangano unabuka waukulu kotero kuti ndinaganiza kuti ayamba za mpira. Wina anali atapeza pa intaneti nyimbo imene amati ndi ya Michael Jackson, imene sinatulutsidwepo iye ali moyo. Ambiri anali kuvina nayo mitu, koma mnyamata mmodzi wa ku sekondale, amene anali asanayambe n'kuyenda komwe pamene woyimbayo ankamwalira, anaumirira kuti, "Si iyeyo. Tamverani mmene akukokera mpweya. Iye sankatero." Anzake anamuseka, namuuza kuti asiye kuwononga chisangalalo, nyimbo ikakoma yakoma. Iye sanagonje. Ndinamuitana pambali, ndipo anandifotokozera nkhani imene ine, amene ndinamva nyimbo za munthuyu pa wayilesi ya MBC ndili mnyamata, sindinaidziwe. Ndakhala sabata yonse ndikuiwerenga, ndipo yandisowetsa tulo. Imvani mmene inayendera.

Michael Jackson anamwalira pa 25 Juni 2009 ku Los Angeles, ali ndi zaka 50. Anali munthu wosakhutira msanga ndi ntchito yake: pokonza chimbale ankajambula nyimbo zochuluka kuposa zimene ankatulutsa, zotsalazo n'kuzisunga. Atangoikidwa, okonda nyimbo zake, amene ana athu amawatcha mafani, anayamba kulira kuti nkhokwe imeneyo itsegulidwe. Amalonda anamva kulirako. Mu Malichi 2010 oyang'anira chuma chake chamasiye anachita pangano ndi kampani ya Sony, limene nyuzipepala zinati likhoza kufika madola 250 miliyoni. Pa 8 Novembala chaka chomwecho anaika pa intaneti nyimbo yoyamba, yotchedwa Breaking News, kuti dziko lilawe chimbale chimene chinali m'njira.

Dzuwa lisanalowe, moto unali utayaka. Anthu amene anakula ndi mawu a munthuyo m'makutu anati mawu awa si ake. Taryll ndi TJ, ana a mkulu wake Tito, ananena poyera kuti akukayika. Mlongo wake La Toya anatinso sizikumveka ngati iye. Kampani inayankha kuti ilibe chikaiko ngakhale pang'ono, ndipo loya wa oyang'anira chuma analemba kalata yonena kuti akatswiri oyesa mawu ndi anthu amene anagwira naye ntchito zaka zambiri amvetsera ndipo atsimikiza kuti ndi iye. Mu Disembala 2010 chimbale chotchedwa Michael chinatuluka ndi nyimbo khumi. Zitatu mwa izo, Breaking News, Monster ndi Keep Your Head Up, zimene amati zinajambulidwa mu 2007 m'chipinda chapansi pa nyumba ya abwenzi ake ku New Jersey, ndizo zinali pa mkangano.

Apa mafani anagawikana pawiri, monga momwe anagawikira ana athu pansi pa mango paja, ndipo kugawikana kumeneku ndiko ndifuna muyang'anitsitse. Gulu lina linati: tipatseni, tinamusowa, musatisokoneze ndi mafunso. Anagula, ndipo m'sabata yoyamba yokha chimbalecho chinagulidwa 228,000 ku America. Gulu lina linakhala pansi ndi kuyamba ntchito yotopetsa. Anatenga nyimbo zakale zimene palibe amazikayikira, naziika pambali pa zatsopanozo. Anamvetsera kanjenjemeredwe ka mawu kumapeto kwa mzere, katchulidwe ka zilembo, malo amene woyimba amapumira. Anapempha umboni. Ananyozedwa kuti ndi amisala, anthu osowa chochita, odana ndi chisangalalo cha anzawo. Mu 2014 mayi wina mwa iwo, Vera Serova, anakasuma kukhoti ku California, ndipo mlanduwo unatenga zaka zisanu ndi zitatu. Mu Julayi 2022 nyimbo zitatu zija zinachotsedwa pa Spotify, Apple Music ndi malo ena omverapo nyimbo. Mwezi wotsatira mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti.

Ndinene chilungamo, pakuti sindifuna kulalikira choonadi ndi bodza: palibe woweruza amene anagamula kuti mawuwo anali a munthu wina, ndipo kampani inati yachotsa nyimbozo pofuna kuthetsa mkangano, osati povomereza kulakwa. Zimenezo zikhale choncho. Chimene chandigwira mtima ine ndi ichi: anthu wamba, opanda udindo, anaima zaka khumi ndi ziwiri pamaso pa kampani yaikulu, maloya ndi akatswiri, chifukwa cha funso limodzi lokha, lakuti mawu awa ndi a yani. Anachita zimenezi chifukwa cha woyimba wa nyimbo zovina, munthu wochimwa ngati ine, amene mafupa ake ali m'manda.

Nanga inu, a mpingo wa Mulungu wamoyo, ndi liti munafunsapo funso limeneli?

Tsegulani Genesis 27, nkhani imene munaiphunzira ku Sande sukulu, muiwerengenso ndi maso a munthu wamkulu. Isake wakalamba, maso achita khungu. Atuma Esau kuthengo kuti amuphere nyama ndi kumuphikira ndiwo zimene amazikonda, kuti akadya amudalitse. Rebeka amva, aphika ana a mbuzi awiri, aveka Yakobo zovala za mkulu wake, namukulunga zikopa m'manja ndi m'khosi. Tsono onani kuchuluka kwa machenjezo amene nkhalambayo inalandira. Inadabwa kuti nyama yapezeka msanga chotere. Yakobo anayankha pobweretsa dzina la Mulungu, kuti ndiye wamupatsa mwayi. Wonyenga aliyense akapanikizika amathawira ku dzina limeneli. Isake sanakhutire, anamuitana kuti amukhudze. Ndipo pa ndime 22 iye mwini akuvomereza ndi pakamwa pake kuti khutu likumuuza za Yakobo pamene zala zikumuuza za Esau. Anafunsanso kachiwiri. Kenaka anati chakudya chibwere.

Khutu la Isake silinalakwe. Maso anali atafa, zala zinanyengedwa ndi chikopa cha mbuzi, mphuno inanyengedwa ndi fungo la zovala, lilime linalephera kusiyanitsa mbuzi ya m'khola ndi nyama ya kuthengo. Khutu lokha ndilo linanena zoona, ndipo iye analikana. Chifukwa chake n'chiyani? Mutu 25 watiuza kale kuti chikondi cha Isake pa Esau chinadzera m'mbale ya ndiwo. Mphika unali pafupi, nthunzi ikutuluka, ndipo munthu wanjala safuna kumva kuti adikire kufikira afufuze. Tikudziwa kuti Mulungu anali atasankha kale Yakobo ana aja asanabadwe, ndipo uphungu wake unachitika ngakhale kudzera m'chinyengo chimenechi. Koma zimenezo sizisandutsa bodza la Yakobo kukhala choonadi, kapena njala ya Isake kukhala nzeru. Banja lija linalipira: Yakobo anathawa kwawo zaka makumi awiri.

Njala imeneyi ndiyo ndikuiona pakati pathu. Si njala ya Mawu a Mulungu, pakuti Mawuwo tili nawo m'nyumba iliyonse. Ndi njala ya chinthu chimene sichinatulutsidwepo, uthenga wapadera, chinsinsi chimene abusa a pa mpingo sakuchidziwa, nyimbo ya m'nkhokwe. Ndipo monga amalonda a ku America anamva kulira kwa mafani, alipo pakati pathu amene amva kulira kwanu, natsegula sitolo. M'magulu athu a WhatsApp, ngakhale gulu la banja lathu lomwe, tsiku silipita popanda mawu ojambulidwa a munthu amene palibe akumudziwa nkhope, woyamba ndi kunena kuti Mulungu wamuuza. Wamuuza kuti mwezi uno wina alandira galimoto. Wamuuza kuti amene akukutsekerani mwayi ndi azakhali anu a kumudzi. Wamuuza kuti mutumize uthengawu kwa anthu khumi dzuwa lisanalowe. Ndipo inu, amayi a chigwirizano ovala yunifolomu, inu madikoni, inu amene munaloweza katekisma, mulemba Amen pansi pake ndi kuutumiza musanamalize n'komwe kuumvera.

Musaganize kuti ndi nkhani yamasewera. M'mlaga wathu muli mayi wamasiye amene chaka chatha anagulitsa matumba atatu a chimanga, chakudya cha ana ake cha miyezi ya njala, kuti akagule kabotolo ka mafuta ndi kukaonana pawekha ndi munthu wina wodzitcha mneneri. Anauzidwa kuti mwamuna wake anaphedwa ndi mlamu wake. Lero nyumba ziwirizo sizilankhulana, ana amene ankadyera mbale imodzi amadutsana pa chitsime ngati alendo, ndipo mu Febuluwale ndi mpingo womwewu, umene anauona ngati wozizira ndi wopanda mphamvu, umene unasonkha ufa kuti anawo asagone ndi njala. Mayiyu sindikumuseka, chisoni chimafooketsa khutu la munthu aliyense. Ndikufunsa za ife amene tinali pafupi naye, amene tinamva uthengawo n'kuzindikira mumtima kuti mawuwa sakufanana ndi a Mbusa, koma tinakhala chete poopa kutchedwa osakhulupirira.

Ndisadzichotse pa mlanduwu. M'nyengo ya mliri wa korona ine ndemwe ndinatumiza ku gulu la banja mawu a munthu amene amati anafa masiku atatu, nabwerako ndi uthenga wochokera kumwamba. Anali ndi mawu okoma, olira, ogwira mtima. Mwana wanga wamkazi anandiyimbira madzulo ake nandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi munthu ameneyu mukumudziwa? Nanga zimene akunenazi zili pa buku liti?" Ndinasowa choyankha. Mkulu wa mpingo wa zaka zambiri, ndinadya phula chifukwa chosafunsa.

Ndikudziwa chimene ena a inu mukonzeka kulemba pansipa. Mudzati: akulu a mpingo inu mumazimitsa Mzimu, mwatsekera Mulungu m'buku, kodi Mulungu anasiya kulankhula? Sanasiye. Amalankhula Mawu akamawerengedwa ndi kulalikidwa, Mzimu akamawawalitsa mumtima wa womvera. Amatsutsa chikumbumtima, amatsogolera mapazi a ana ake, amayankha mapemphero, amachiritsa odwala monga afunira. Zonsezi ndaziona ndi maso anga. Chimene ndikukana ndi chakuti kuli nkhokwe ina ya mawu a Khristu imene atumwi anaiwala kutsegula, imene kiyi wake wapezeka lero m'thumba la munthu wa suti yoyera amene amalandira ndalama pakhomo. Werengani mathero a Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 20 ndi 21. Mtumwiyo sabisa kuti Yesu anachita zambiri zimene sizinalembedwe, zochuluka zosati n'kukwana m'mabuku. Koma sanatiuze kuti tizizisaka. Anati zimene zalembedwazo zinasankhidwa ndi cholinga, kuti tikhulupirire ndi kukhala nawo moyo. Ngati zokwanira kupatsa moyo zili kale m'manja mwanu, chimene mukusaka usiku wonse kumapiri n'chiyani?

Pamenepa pali kusiyana kwakukulu pakati pa woyimba uja ndi Ambuye wathu. Michael Jackson imfa inamupeza ntchito ili pakati. Zimene anasiya zinali zidutswa, ndipo mnzake wina woyimba, will.i.am, amene anajambula naye nyimbo m'zaka zake zomaliza, ananena kuti kutulutsa ntchito imene mwini wake sanaivomereze ndi kumuchitira chipongwe. Wakufa sangadzuke kudzakana kuti uyo si ine. Mu Meyi 2014 anafika pomuonetsa pa nsanja ku Las Vegas, chithunzi chopangidwa ndi makina chikuvina ngati munthu wamoyo, anthu n'kumalira ndi kuwomba m'manja; ndinakumbuka mfumu Sauli, amene Mulungu atakhala chete kwa iye anapita usiku ku Endori kukadzutsa Samueli. Koma Khristu sanasiye ntchito ya theka yoti wina adzamumalizire, ndipo sali m'manda. Ali moyo, ndipo amamva chilichonse chimene chikunenedwa m'dzina lake.

Pa mlandu wa ku California uja pali mbali imene ndifuna aliyense wonyamula Baibulo ndi maikolofoni aimve. Maloya a kampani anatsutsa motere: tiyerekeze kuti mawuwo si ake, ngakhale zitatero, zimene tinalemba pa chikuto cha chimbale ndi ufulu wathu wolankhula, sitingaimbidwe nazo mlandu. Khoti la apilo linawavomereza mu 2018. Koma mu Ogasiti 2022 khoti lalikulu la California linakana maganizo amenewo, linati mawu olembedwa pa katundu pofuna kuti anthu agule ndi mawu amalonda, ndipo wogulitsa ayenera kuyankhapo pansi pa malamulo oteteza ogula. Taonani, bwalo la anthu a dziko likudziwa kuti dzina limene waika pa chikuto ndi ngongole. Nanga iye amene amaika dzina la Yehova pa maloto a m'mutu mwake, nagulitsa? Lamulo lachitatu silinena za otukwana okha. Ndipo Deuteronomo 18 anatipatsa muyeso wosavuta, woti ngakhale mwana angaugwiritse ntchito: chimene chanenedwa m'dzina la Mulungu chikapanda kuchitika, Mulungu sananene. Ndi maukwati angati amene analoseredwa kuti achitika chaka chisanathe? Ndi angati amene anauzidwa kuti ataye mankhwala, tinakawaika m'manda tikuimba nyimbo? Ndani wa inu anabwerera kukafunsa? Mafani aja anasunga tsiku, dzina la nyimbo ndi kalata ya loya zaka khumi ndi ziwiri. Ife ulosi wa mu Januwale timakhala tauiwala pofika Epulo, tili kale pa mzere kudikira wina.

M'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 17, Luka anaika mizinda iwiri pafupi, ndipo sindikhulupirira kuti anachita mwangozi. Ku Atene anthu ankatha tsiku lonse pa kumva ndi kukamba zatsopano. Ku Bereya ankamvetsera ndi mtima wonse, koma tsiku ndi tsiku ankabwerera ku malembo kukaona ngati zinalidi choncho. Ndipo amene ankamuyesayo anali Paulo mtumwi! Luka sanawadzudzule kuti ndi amwano, anawayamikira. Chifukwa chake musandimve ngati ndikuti khulupirirani akulu a mpingo m'malo mwa aneneri. Kampani ija inalinso ndi akuluakulu ake ndi zidindo zake. Ndiyeseni inenso. Yesani abusa, yesani mlaliki wa pa maliro, yesani zimene ndalemba panozi. Munthu woona sakwiya ukamupempha chaputala ndi ndime. Amene amakuopsezani kuti musakhudze wodzozedwa pamene mwangofunsa funso, ameneyo wavala chikopa cha mbuzi ndipo akuopa kuti mungamvetsere mawu ake kachiwiri.

Ndinamufunsa mnyamata uja kuti khutu lotere analitenga kuti. Anaseka, nati palibe chinsinsi. Off the Wall ya 1979, Thriller ya 1982, Bad ya 1987, Dangerous ya 1991, wazimvera kambirimbiri kufikira akudziwa pamene munthuyo amamezera malovu. Sanaphunzire za onyenga. Sangawathe, ndi ambiri, ndipo akuchulukirabe. Mu Epulo 2023 munthu wina anapanga ndi kompyuta nyimbo yotsanzira mawu a Drake ndi The Weeknd, oyimba amoyo, ndipo anthu miyandamiyanda anaimvera isanachotsedwe. Sipatenga nthawi kuti wina adzatumize pa foni yanu mawu a abusa anu enieni akupempha ndalama, abusawo ali mtulo kunyumba kwawo. Mnyamatayo anangodziwa mawu enieni kufikira achilendo anayamba kumulasa m'khutu okha. Ndi zomwe Ambuye ananena pa Yohane 10 za nkhosa: chimene chimazithawitsa kwa mlendo si nzeru zozama, koma kuzolowera mbusa wawo.

Akuluakulu anati tsobola wakale sawawa, ndipo ndikuona kuti ambiri mwambiwu mwautengera ku Baibulo. Salimo 23 mumalidziwa, Yohane 3 munaimva, mukufuna china chowawa. Koma ndikufunsani, ndi liti munawerenga buku limodzi la m'Baibulo kuchokera pa mutu woyamba kufikira wotsiriza? Buku Lopatulika linasindikizidwa m'chinenero chathu mu 1922. Agogo athu ena anaphunzira kuwerenga ali akuluakulu kuti alimve okha, naliwerenga pa koloboyi mpaka masamba kuthothoka. Lathu lili m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo, loyera ngati latsopano, limatuluka Lamulungu m'mawa kukakhala pa miyendo losatsegulidwa. Simunatope nalo chifukwa cholidziwa. Mwatopa nalo musanalidziwe.

Ndipo ife akulu a mpingo tili ndi gawo lathu pa njala imeneyi. Kangati timaimirira pa mlaga tisanakonzekere, n'kutsegula paliponse, n'kukuwa mphindi makumi atatu za mavalidwe a atsikana ndi kuchepa kwa chopereka? Kangati timathamangitsa ana a kalasi kuti aloweze mayankho a mayeso osawaphunzitsa kukonda Buku? Nkhosa ikamva mawu a Mbusa kamodzi pa sabata, kudzera mwa munthu wotopa amene sanawerenge, tisadabwe ikatsata woyamba kuiyimbira likhweru. Izi ndidzazinenanso pa bwalo la akulu, maso ndi maso, kuti wina asati ndinabisala pa Facebook.

Kwa inu achibale a m'gulu la banja: kuyambira lero, uthenga uliwonse woyamba ndi kuti Mulungu wandiuza ukalowa m'gulumo, ndidzafunsa poyera amene wautumiza kuti wolankhulayo ndani, ndipo zimene akunena zikugwirizana ndi malembo ati. Musadzakhumudwe, ngakhale mutakhala achemwali anga aakulu. Inunso mudzandifunse chimodzimodzi.

A mlaga wathu, Lachitatu tikumana nthawi ya 4 koloko madzulo pa malo a masiku onse. Tidzawerenga Genesis 27 yonse, ndime ndi ndime, ndipo aliyense abwere ndi Baibulo lake, osati kudalira la mnzake. Ndamupempha mnyamata uja kuti ndiye adzatiwerengere. Wavomera, koma wandiikira lamulo lakuti inenso ndikhale pansi ndimvere Off the Wall yonse osadumpha nyimbo, kuti ndidziwe chimene ankanena pansi pa mango paja. Ndavomera, ndipo amayi kunyumba kuno aseka mpaka misozi.